Kaundula wa mabodza a Locke Lamora: mmene ntchito ikuyendera

Lamlungu, tsiku loyamba

Kagulu kathu kowerenga mabuku kandisenzetsa katundu. Tilipo asanu ndi awiri, timakumana Loweruka lomaliza la mwezi pakhonde pa aphunzitsi ena opuma ntchito kuno ku Zomba, omwe anandiphunzitsa masamu ku sekondale. Ulendo uno maere agwera ine: ndiwerenge buku limodzi, ndidzalifotokoze m'Chichewa, ndinene ngati ndi loti anzanga n'kulitayira nthawi. Ndasankha The Lies of Locke Lamora la Scott Lynch wa ku America, lomwe linatuluka mu 2006. Ndinalitola pa mulu wa mabuku a kaunjika ku Limbe, chikuto chitapindika ngati chinagonera padzuwa, koma masamba onse alimo, oposa 500. Ndi nkhani ya akathyali a mumzinda wongopeka, momwe muli matsenga pang'ono ndi umbava wambiri.

Ine ntchito yanga ndi yosunga mabuku a ndalama pa sitolo ina ya zipangizo zomangira. Kukangoima n'kunena kuti "buku ndi labwino, muliwerenge" sindikukuona ngati ntchito. Ndiye ndagula kope latsopano, ndatenga rula, ndajambula madanga anayi: wanama ndani, wanamiza ndani, bodzalo lamudyera zingati, lamubweretsera zingati. Poti mutu wa buku ukulonjeza mabodza, ndiwalemba limodzilimodzi ngati matumba a simenti, kumapeto ndidzatseke buku ndione ngati bizinesi yonamayi ili ndi phindu. Ndili ndi masabata anayi.

Amene simunaliwerenge ndipo mukufuna mudzadzidzimuke nokha, lekerani pompano, chifukwa ine ndiulula zonse mpaka kumapeto.

Lachiwiri

Chiyambi ndamaliza. Mzindawo dzina lake ndi Camorr. Amene anaonapo chithunzi cha Venice azindikira komwe wolemba anakatapa: m'malo mwa misewu muli ngalande za madzi, anthu ndi katundu zimayenda pa mabwato. Pamwamba pa zonse pali nsanja zisanu za galasi losasweka, zomwe unasiya mtundu wina umene unazimirira anthu asanafike, ndipo dzuwa likangolowa galasilo limayaka lokha kwa kanthawi ngati makala otsala pa mbaula. Wolemba sakuvutika kufotokoza kuti anamanga ndi ndani, anamangiranji. Eni mzinda nawonso sadziwa, amangokhalamo, ndipo zimenezo zandikomera.

Locke tikukumana naye ali kamwana ka zaka zisanu kapena zisanu ndi chimodzi, katalowerera m'gulu la ana amasiye amene mliri wawasiya. Kakukakhala m'manda akale a pa Shades' Hill, m'manja mwa mkulu wina amene ntchito yake ndi kuphunzitsa ana kupisa anthu m'matumba. Vuto la kamwanaka si ulesi ayi, ndi kuba mopyola muyezo. Bodza loyamba m'kope langa ndi ili: kakudzipaka zinthu kuti kaoneke ngati kagwidwa ndi mliri, kakulowa m'nyumba yomwera mowa, anthu onse akubalalika, anzake akukokolola zotsala. Alonda a mzinda, poopa matenda, akutentha nyumba yonseyo. Lachiwiri ndi la kandalama komwe kakubisa pogona pa mnyamata wina wovutitsa anzake, kuti aoneke ngati amadya ndi alonda. Mnyamatayo akuphedwa, pamodzi ndi mnzake amene sanalakwe kanthu.

Pa danga la "lamudyera zingati" ndalemba kuti palibe. Mayi a kunyumba anasuzumira m'kopemo n'kufunsa kuti, "Palibe bwanji, abambo, poti mwati nyumba ya munthu yapsa?" Ndinawayankha kuti nyumbayo si ya Locke, ndiye siilowa m'buku lake. Anangoti "Ohoo" n'kupita kukapakula.

Lachinayi

Mkulu wa kumanda uja wamugulitsa Locke kwa wansembe wotchedwa Chains, amene amakhala pakhomo pa kachisi wa mulungu wa osauka, maso atamanga nsanza, unyolo uli m'manja, akupemphetsa. Si wakhungu, unyolowo amavula akafuna, ndipo pansi pa kachisi wakuthayo pali nyumba yonyezimira yokhala ndi khitchini yoti hotela n'kuichitira nsanje. Mulungu wake weniweni ndi wa nambala 13, wa mbava, amene ansembe a milungu 12 inayo amati kulibe.

Apa buku landigwira. Chimene Chains amalimbikira si kuthyola maloko. Amaphunzitsa anawo kuphika, kudya pa tebulo la olemera osachititsa manyazi, zinenero zakunja ndi katchulidwe kake, masamu, kulemba mabuku a ndalama (apa ndinamwetulira), ndipo amawatumiza kukakhala miyezi m'makachisi ena ndi kumunda kuti adziwe mmene wansembe kapena mlimi amayendera ndi mmene amatukwanira. Zida za mbava imeneyi ndi lilime ndi chovala.

Chandivuta lero ndi dzina la gulu lawo, Gentleman Bastards. Pakhonde pa aphunzitsi ndidzalitchula bwanji? Theka loyamba ndi "njonda", pamenepo sindikukayika. Theka linalo ndayesa "zam'chigololo", koma likulemera, likumveka ngati mlandu wa pabwalo la amfumu. Ndakhazikika pa "Njonda Zapathengo". Muli Locke, muli Jean Tannen, mwana wa wamalonda, wojintcha, wovala magalasi, wamasamu komanso wamkwiyo, muli mapasa Calo ndi Galdo Sanza, ndi kamnyamata kophunzira ntchito, Bug. Akutchulanso mtsikana wina, Sabetha, amene Locke akangomva dzina lake amakhala ngati nkhuku yovumbwa ndi mvula, koma sanaonekerebe.

Loweruka ndi Lamlungu

Masiku awiriwa ndathera pa ntchito imodzi ya Njondazi, ndipo yadya masamba anayi a kope. Ndi pamene ndidzaimepo nthawi yaitali pofotokoza, choncho ndilembe bwinobwino.

Poyamba malamulo a malo. Mbava zonse za mu Camorr zili pansi pa bwana mmodzi, Capa Barsavi, amene amalandira gawo lake sabata iliyonse. Barsavi ali pa pangano lachinsinsi ndi boma la mfumu ya mzindawo: berani amalonda ndi anthu wamba mmene mungathere, koma mabanja apamwamba ndi alonda musawakhudze. Pamaso pa Barsavi Njonda zathu ndi timbava tosauka, tolowera pa mazenera, topereka kamsonkho kathu mokhulupirika. Kuseri akubera apamwamba oletsedwa omwewo, ndipo pansi pa kachisi aunjika makorona (ndalama za kumeneko) oposa 40,000 omwe sadziwa n'chochita nawo chomwe. Ndiye kuti ndi bwana wawo yemwe akumunamiza. Limenelo ndalilemba ndi bolopeni yofiira, chifukwa ngongole yotere tsiku lina imafunsidwa.

Tsopano ntchito yeniyeni. Akufuna ndalama za mmodzi wa apamwamba aja, Don Lorenzo Salvara (Don ndi dzina lawo laulemu), ndi mkazi wake Sofia. Sakupita kukagogoda pakhomo pake. Akudziwa kuti mayi ake a Don anali ochokera kumpoto, ndipo iye amakapereka ulemu pa kachisi wa anthu akumeneko tsiku lodziwika. Ndiye m'kanjira ka pafupi ndi kachisiyo akukonza sewero. Mapasa aja asanduka achifwamba, akukoka chingwe pakhosi pa wamalonda wachilendo, Lukas Fehrwight, amene ndi Locke, wantchito wake ali thapsa pansi, amene ndi Jean. Don akudutsa, akusolola lupanga, akupulumutsa mlendo. Pamene pagona nzeru ndi apa: kuyambira pano Don akuganiza kuti iye ndiye anamupeza munthuyu, ndipo chimene watola wekha suchikayikira.

Mlendoyo sakupempha kanthu. Akungopulumutsa mawu, ngati mwangozi, kuti ali ndi malonda achinsinsi ndi Don wina amene ndi mdani wa Salvara. Salvara ndi amene akuchonderera kuti amve. Malondawo ndi a burande wodula kwambiri wa ku Emberlain, amene eni ake akufuna kumuzembetsa nkhondo isanabuke koma akusowa zombo ndi ndalama. Kuti nkhani ikhale ndi fungo, Njonda zagula burande weniweni woti Don alawe. Danga la zotuluka apa ladzaza: zovala, hatchi, chipinda pa nyumba ya alendo yapamwamba, mabotolo. Ndinasangalala kupeza wolemba amene akudziwa kuti bodza labwino limafuna mpamba.

Koma chimene chinandiimiritsa ndi ichi. Don atameza nyambo, usiku wina Locke akuvala nkhope ina, ya wapolisi wachinsinsi wa mfumu, akulowa m'nyumba mwa Don n'kumuuza chilungamo chonse: Fehrwight uja ndi kathyali, burande wanenedwayo kulibe, akukuberani. Kenako akuti musaonetse kuti mwadziwa, pitirizani kumupatsa ndalama iliyonse imene wapempha kuti tidzamugwire bwino ndi gulu lake. Ndiye Don, amene mwina akanayamba kufufuza, tsopano akupereka ndalama akudziwa kuti akuberedwa, akudziona ngati akuthandiza boma, ndipo sangauze munthu. Ndinakhala kaye bolopeni ili m'kamwa, osadziwa polilemba. Mawu onse amene wanena za Fehrwight ndi oona. Bodza lili pa chovala chokha.

Izi si zachilendo kwa ife. Tonse tinalandirapo kauthenga ka pafoni koti ndalama ija mutumize pa nambala iyi, ndipo ambiri tinachenjera nako. Amene akupweteka anthu ndi woimba mwaulemu uja, wodzitcha wa ku kampani ya mafoni, wokuchenjezani kuti akathyali akufuna kukuberani ndiye mumuuze nambala yanu yachinsinsi kuti akutetezeni. Msuweni wanga anataya ndalama ya feteleza mwanjira imeneyo, ndipo mpaka lero chimamuwawa kwambiri si ndalamayo, koma kuti anamuthokoza munthuyo asanadule foni. Msampha wa Lynch ndi womwewo, wangouveka malaya a silika.

Lachitatu, sabata yachiwiri

Sizinayende. Kuntchito tikuwerenga katundu wa m'sitolo, ndikufika kunyumba maso ali psuu ndi fumbi la simenti, ndipo magetsi azima madzulo awiri otsatizana. Ndawerenga masamba ochepa ndi tochi ya foni mpaka batire inatha.

Dandaulo limodzi ndilembe ndisanaiwale. Mutu uliwonse ukafika pokoma, wolemba amadula n'kutibweza ku ubwana wa Locke kapena ku mbiri ya mzinda. Zina mwa nkhani zobwerera m'mbuyozi ndi zabwino, monga mmene Jean anaphunzirira ndewu m'munda wa maluwa agalasi omwa magazi mpaka kusankha nkhwangwa zake ziwiri. Koma zina zili ngati munthu wokuimitsa ukuthamangira minibasi kuti akufotokozere za agogo ake. Zikusokonezanso kaundula, poti mabodza sakubwera motsatana zaka, ndiye ndayamba kuika chilembo U pa onse a ubwana.

Loweruka

Ndakwiya nalo bukuli, ndipo ndilembe mkwiyowu usanazizire.

Mwatulukira munthu wotchedwa Mfumu Yotuwa, amene akupha akuluakulu a magulu a Barsavi mmodzimmodzi. Mpaka apo palibe vuto. Vuto ndi waganyu wake, wamatsenga wa ku Karthain woyenda ndi kabawi wa mbola ya chinkhanira. Amatsenga a ku Karthain amalembedwa ganyu pa mtengo woopsa, ndipo ukapha mmodzi anzake onse amabwera kudzafafaniza iwe ndi ako onse. Ameneyu akadziwa dzina lako lenileni amakuyendetsa ngati chidole. Za Njonda akudziwa kale zonse: kachisi, chuma, Salvara. Sanazipeze ndi nzeru zoti ine wowerenga n'kuzilondola. Wangozidziwa, poti ndi wamatsenga.

Nkhani ya ukathyali imakoma chifukwa ili ngati bawo. Njere zonse zili poyera, ukadyedwa umawerenga chobwerera n'kuona pamene unalakwitsa. Tsopano pabwera munthu wotola njere ndi dzanja losaoneka. M'kope mwanga ndilibe pomulemba: sanama, salipira, amangolamula. Masamba onse aja a burande ndi zovala akuoneka ngati ana akuchita masanje pamsewu pomwe kukubwera lole yopanda mabuleki.

Ndiye pali Nazca, mwana wamkazi wa Barsavi, amene bambo ake amafuna kuti akwatiwe ndi Locke, munthu wa mutu wozizira kuposa onse m'nyumba imeneyo. Waphedwa, mtembo wake abweza mu mgolo wa mkodzo wa hatchi. Ndinali nditangoyamba kumukonda. Wolemba wamuumba bwinobwino kenako wamusandutsa kalata yotumizira bambo ake uthenga. Izi ndikazinena pakhonde, sindizibisa.

Lolemba usiku

Locke amukakamiza kuvala ngati Mfumu Yotuwa kukakumana ndi Barsavi, atamulonjeza kuti matsenga amuteteza. Matsengawo amusiya panjira. Wamenyedwa, watsekeredwa mu mgolo wonga wa Nazca, waponyedwa m'madzi. Jean ndi Bug amuvuula. Pofika kwawo pansi pa kachisi apeza chuma chonse chapita, Calo ndi Galdo ali kwala, makosi odulidwa. Bug naye wafera pomwepo ndi muvi, akuyesa kuteteza akulu ake.

Ndinatseka buku, ndinatuluka panja. Mapasawa ndi amene ankandiseketsa ndi makhadi awo obera ndi kulandizana mawu kwawo. Dzana lomweli anali pa tebulo akudya, akuthira tambula ya mnzawo amene palibe. Mbuzi ikakondwa amalonda ali pafupi.

Kope sindinalitsegule.

Lachinayi, sabata yachitatu

Ndabwerera pa ntchito, ndipo kaundula wasintha maonekedwe.

Chachititsa ndi nkhani ya ku banki ya Meraggio. Barsavi waphedwa pa phwando lake lomwe, Mfumu Yotuwa yalanda mpando, Locke watsala ndi Jean yekha, alibe ndalama, alibe ngakhale malaya oti Fehrwight n'kuvala pokaonekera kwa Salvara. Ndiye akulowa m'banki yaikulu ya mzindawo kukaba, osati ndalama, koma suti. Akuyesa kwa kalaliki woyamba, zikukanika. Kwa wachiwiri, zikukanikanso. Kachitatu akunyengerera woperekera zakudya wina kuti amubwereke yunifolomu, akukafika kwa mwini banki, akumuuza kuti pali chiwembu chofuna kumupha ndipo populumukira pake ndi poti iye, Locke, avale zovala za bwanayo. Akutuluka pakhomo atavala malaya a mwini nyumba, alonda omwe akumumvera. Mutu umenewu ndi wokoma kuposa yonse. Mulibe matsenga, mulibe lupanga, ndi munthu wanjala ndi pakamwa pake basi, akumata bodza lina pamwamba pa linzake lisanaume.

Nanga woperekera zakudya uja? Wagwidwa ngati mnzawo wa achiwembu, ntchito yatha, ndipo Locke akungomusiyira kachikwama ka ndalama n'kumuuza kuti athawe mumzinda. Munthu amene m'mawa anadzuka kupita ku ntchito ngati ine ndemwe.

Ndinatenga rula n'kujambula danga lachisanu m'mphepete mwa tsamba lililonse: walipira ndani amene sanali nawo pa malondawo. Ndinabwerera ku tsamba loyamba. Mwini nyumba ya mowa ija. Mnyamata wophedwa uja ndi mnzake. Woperekera zakudya. Mapasa. Bug. Mayi a kunyumba anandipeza ndikufufuta "palibe" uja. Sananene kanthu, koma tiyi anabwera wa shuga wambiri kuposa masiku onse.

Ndipo ndikuona tsopano kuti wolemba danga limeneli anali nalo kuyambira pachiyambi. Chains anamukhazika pansi Locke ali mwana n'kumuwerengera anthu amene anafa chifukwa cha kandalama kaja, n'kumulamula kuti aliyense wa iwo amuperekere nsembe ya chuma chakuba, choponyedwa m'madzi osadzachionanso. Sabata yoyamba ndinaziwerenga ngati mwambo wongokometsera nkhani. Wosunga mabuku ndine, koma ngongole imeneyi inandidutsa.

Loweruka

Pali china chimene ndinachidutsa osalemba chifukwa cha maliro aja. Bodza la wapolisi wachinsinsi lija linagwa, ndipo linagwa mokoma. Sofia, mkazi wa Don, anapita kukamwa tiyi wausiku kwa gogo wina wapamwamba, Doña Vorchenza, amene anthu amamuona ngati nkhalamba yongoluka ndi kuiwalaiwala. Anamudandaulira za apolisi achinsinsi amene akuwauza kuti azipereka ndalama kwa kathyali. Gogoyo ndiye Kangaude, mkulu wa apolisi achinsinsiwo, ndipo akudziwa kuti sanatume munthu. Basi, fote yakwana.

Ndinakumbuka nthano ya chitsime imene agogo ankatisimbira. Kalulu anakana kukumba nawo, n'kumapusitsa alonda amphamvu mmodzimmodzi ndi uchi wake, mpaka anagwidwa ndi Kamba, wonyozeka uja, atadzipaka ulimbo pamsana. Kathyali amayenera kugwidwa chonchi, ndi munthu amene iye sanamuwerengere, pa chifukwa chimene wowerenga akuchiona n'kugwedeza mutu. Osati za wa kabawi zija.

Lero msampha wa gogoyo wafwamphuka, pa phwando la mfumu pamwamba pa nsanja. Akumubaya Locke ndi singano yolukira ya poizoni, akumuonetsa kabotolo ka mankhwala, akuti ulula ndikupatse. Locke, katswiri wa lilime uja, akungomupatsa gogoyo chibakera n'kulanda botolo. Ndinaseka mpaka mwana anadzuka, kenako ndinachita manyazi kuti ndikuseka nkhalamba ikumenyedwa.

Lamlungu

Ndamaliza 2 koloko usiku. Pali zoti ndikonze pa zimene ndinalemba nditakwiya.

Wamatsenga uja. Lamulo lake la dzina, limene ndinaliona ngati chinyengo cha wolemba, ndi lomwe lamugwetsa. Jean wamugwira ndi dzina, akufuna agwirenso Locke, akulemba dzinalo, osadziwa kuti ngakhale "Locke" weniweniyo ndi bodza limene mwana uja ananena kalekale. Matsenga akugwira mphepo. Ndiye kuti bodza loyambirira m'buku lonse lili pachikuto pomwe, ine ndaliyang'ana masabata atatu osalilemba. Ndalipatsa nambala 0. Njere ija inali pa bawo nthawi yonseyi. Theka la mkwiyo wanga ndabweza. Theka linalo ndasunga, chifukwa lamulo limodzi lokhala bwino silifafaniza masamba ambirimbiri pomwe munthuyo ankangochita chilichonse chimene nkhani ikufuna. Zimene Locke akumuchita pambuyo pake, za zala ndi lilime, poti kupha sangaphe, ndinaziwerenga nditaluma mano.

Mfumu Yotuwa dzina lake ndi Luciano Anatolius, ndipo banja lake linaphedwa pamene Barsavi ndi apamwamba ankamanga pangano lachinsinsi lija. Iyeyu ndi munthu wa m'danga lachisanu la anthu ena, wabwera kudzatolera ngongole yake. Zikanandigwira mtima zikanabwera msanga. Zikubwera mochedwa, mothamanga, ndipo chiwembu chake chofuna kufafaniza nzeru za apamwamba onse ndi ana awo, ndi utsi umene amafatsitsira ziweto, wobisika m'ziboliboli, chikusandutsa buku la akathyali kukhala la ngwazi yopulumutsa mzinda. Locke wopulumutsa sindinamukhulupirire ngati mmene ndinamukhulupirira Locke wakuba suti. Chabwino n'choti ngakhale ndewu yomaliza yatha ndi bodza. Locke, amene lupanga salitha, akuchititsa mdani wake kucheuka poganiza kuti Jean wafika, nzeru yochokera pa ndewu za ubwana zomwe zija ndinaziika chilembo U ndikung'ung'udza.

Koma chimene chandibwezera zonse ndi za chombo. Chuma chobedwa chija chili m'chombo chimene chaima padoko ngati cha mliri. Locke akuuza akuluakulu a mzinda kuti ndalama zili kwina, m'mabwato onyamula zonyansa, ndipo kuti chombocho chadzaza matenda, achimize msanga. Akuchimiza. Makorona onse aja, a Njonda ndi a ena omwe, akupita pansi pa nyanja ngati nsembe ya Calo, Galdo ndi Bug. Ndinatseka kaundula: zolowa zonse kuchotsa zotuluka zonse, yankho ziro, ndipo kwa nthawi yoyamba danga lachisanu lalandira malipiro. Kuntchito kwathu bizinesi yotere timati yagwa. Koma sindinaonepo buku la ndalama lotsekeka bwino chonchi.

Lachitatu, sabata yachinayi

Ndalemba zokanena. Zinakwana masamba asanu ndi limodzi, ndadula mpaka atatu, poti mphindi zanga ndi 20. Ndachotsa za mashaki ndi akazi olimbana nawo pa chisangalalo cha pamadzi, ndachotsanso malalanje a Sofia okhala ndi mowa mkati, ngakhale ndimawakonda. Ndasiya Salvara, banki ya Meraggio ndi chombo.

Chenjezo loti ndikapereke: bukuli limatukwana. Osati apo ndi apo, koma pafupifupi tsamba lililonse, ndipo zina mwa zitukwano zake ndi zaluso moti umachita kuima n'kuwerenganso. Pagulu pathu pali amayi awiri a mvano. Ndikangonena kuti pakamwa pa anthu ake ndi pa depoti ya minibasi, akamva. Nkhanza nazo zilimo zoti wamtima wofewa asawerenge akudya.

Mabuku otsatira alipo. Lynch anakonza zoti adzakhale asanu ndi awiri. Lachiwiri, Red Seas Under Red Skies, linatuluka mu 2007, lachitatu, The Republic of Thieves, mu 2013, ndipo ndi mmenemo momwe Sabetha akuonekera. M'buku loyambali mayiyu ndi dzina chabe kuyambira pachiyambi mpaka pamapeto, zimene zikundiwawa pamodzi ndi za Nazca zija. Komabe loyambali limatha palokha, munthu atha kulekera pomwepo osamva kuti waberedwa.

Loweruka, tsiku lofotokoza

Tinalipo asanu ndi mmodzi, wina anapita ku maliro. Ndinayamba ndi kuyendetsa kope kuti aliyense aone madanga. Za wapolisi wachinsinsi zinagwira anthu monga ndinayembekezera. Mayi mmodzi wa mvano anawomba m'manja n'kunena kuti mlamu wawo anaberedwa chimodzimodzi. Za chombo ndinazifotokoza mothamanga, nthawi itatha, ndipo ndinaona pankhope kuti ena sanamvetse chifukwa chimene munthu angamizire chuma chake dala. Ndikanayamba ndi nsembe ya Chains ija.

Aphunzitsi anakhala chete mpaka kumapeto, kope lili pamiyendo, akulondola danga lachisanu ndi chala. Kenako anati, "Mwana wanga, woperekera zakudya uja nsembe yake ili pati? Amene alipiridwa apa ndi abale ake a wakubayo okha." Ndinati, "Aphunzitsi, ujatu sanafe." Anati, "Ndiye kuti mumzinda umenewu kuti akuwerengere uyambe wafa kaye?" Ndinasowa choyankha, ndipo pambali pa ziro wanga uja ndaikapo chizindikiro chofunsa ndi pensulo.

Anandifunsa kuti ndilipatsa zingati pa 10. Ndinati 8 pa theka loyamba ndi mutu wa ku banki, 6 paliponse pamene kabawi akuuluka. Anati imeneyo si nambala imodzi, ndipo m'kalasi mwawo sakanandichongera. Buku atenga ndi iwowo, ndi kope lomwe, akuti aone ngati pali bodza limene ndinalidumpha. Lolemba ndikupita ku Limbe kukatenga mabuku a malisiti a kuntchito, ndikasuzumirenso pa mulu uja ngati lachiwiri lilipo.